SpeedStep ndi C-States pa OptiPlex, chilimwe cha ku Mangochi chitadutsa

Makompyuta a Dell OptiPlex 9020 a purosesa ya Core i5-4570, otayipira ndi kupulintira pa Mangochi Boma, tinawayatsira zosunga mphamvu m'nyengo yozizira: SpeedStep, yomwe imatsitsa liwiro la purosesa ntchito ikachepa, ndi C-States, zomwe zimaigoneka ikasowa chochita. Pano adutsa mu Okutobala ndi Novembala. Zimathandizadi kuchepetsa kutentha, koma pokhapokha kompyuta ikangokhala osagwira ntchito.

Poyatsa, dinani F2 mulowe mu BIOS (tsamba la makonzedwe a kompyuta Windows isanayake), pitani pa Performance, chongani Intel SpeedStep ndi C-States Control. Mu Windows, Power Options ikhale pa Balanced, Minimum processor state ikhale 5%. Ambiri amaphonya pomwepa. High performance imaika 100%, ndiye purosesa imathamangabe pa 3.2 GHz kapena kuposa ngakhale palibe wagwira mausi. Zikakhala bwino, HWiNFO, pulogalamu yoyang'anira mmene purosesa ikuyendera, imaonetsa liwiro litatsika kufika 800 MHz, voteji itatsikanso, ndipo fani imamveka pang'ono chabe.

Musayembekezere kuti manambala a kutentha a mu Juni muwaonanso mu Okutobala. Fani imapemerera mpweya womwewo wa m'chipindamo, ndipo pansi pa malata masana mpweyawo ndi wotentha kale. Mukayamba kukonza vidiyo, purosesa imakwera mpaka pamwamba n'kutentha ngati kale. Apo mankhwala ake ndi kuchotsa fumbi lomwe limamata pazipsepse za heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa) ndi kupaka thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink) yatsopano.

Chomwe chinkabweza zinthu m'mbuyo m'miyeziyi ndi timapulogalamu tonena kuti "tifulumizitsa kompyuta". Timabwezera High performance mwakachetechete. Matabu ambirimbiri a Chrome osiyidwa otsegula nawonso salola purosesa kugona. Fani ikayambanso kulira popanda chifukwa, yang'anani kaye Power Options ndi Task Manager musanamasule bokosi.

Eni makompyuta olumikiza okha asamale ndi power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta. Mapurosesa a Haswell, monga i5-4570, omwe anatuluka mu 2013, akalowa mu C6 kapena C7 (ma C-State a tulo tofa nato) amakoka 0.05 A yokha pa 12V, ndipo ma power supply ena akale amasokonezeka nazo, kompyuta n'kuzima yokha ili phee. Wina amayamba kudandaula za magetsi, pomwe babu likuyaka bwinobwino. Mu BIOS zimitsani C6 ndi C7, musiye C1E (C-State ya tulo topepuka) ndi SpeedStep zili zoyatsa. Pa Ryzen (purosesa ya AMD) yomwe imauma ikangokhala, mu BIOS ikani Power Supply Idle Control pa Typical Current Idle.

Ojambula nyimbo m'masitudiyo, mawu akayamba kuthetheka, bwererani pa High performance nthawi yojambula yokhayo.