Belo la kaunjika la ku China polifanizira ndi la ku UK

Aliyense wochita geni ya kaunjika akalowa m'sitolo zopikulitsa za ku Limbe kapena ku Lilongwe amayenera kusankha pakati pa mabelo awiri amene amalemera mofanana, kawirikawiri makilogalamu 45, koma osiyana kwambiri mkati: lochokera ku China ndi lochokera ku UK. Ndagulitsa zovala za amayi ndi ana kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti belo la ku China, ngakhale limaoneka lotsikirako mtengo, limadya mpamba wa wamalonda wamng'ono mwakachetechete.

Ubwino wake sindingaukane. Zovala zake ndi zopepuka, motero belo limodzi limatulutsa zovala zambiri, ndipo misinkhu yake imagwirizana ndi matupi a anthu athu kuposa zovala za ku Ulaya, zimene nthawi zina zimakhala zazikulu moti wogula amayamba wapita nazo kwa telala. Mitundu yake ndi yowala, masitayelo ake ndi atsopano, ndipo tsiku lomasula belo atsikana amakhamukira pa benchi. Koma mukachotsa zovala zoyamba kusankhidwa, zotsalazo zambiri zimakhala za nsalu yopyapyala imene imatambasuka kapena kusuluka ikachapidwa kangapo, ndipo kasitomala amene wagula diresi yotereyi sabwereranso. Zotsalira zimenezi mumazigulitsa pa mtengo wongofuna kubweza ndalama, mwinanso kupita nazo ku misika ya kumidzi, kumene thiransipoti imamaliza phindu lonse.

Belo la ku UK ndi lodula ndipo zovala zimakhala zochepa chifukwa nsalu yake ndi yolemera, koma gawo la zovala zogulitsika pa mtengo wabwino limakhala lalikulu, makamaka majuzi, majekete ndi zovala za ana. Komabe nalonso silikufanana ndi la kale. Azungu masiku ano amagula zovala zotsika mtengo zosokedwa ku Bangladesh, Vietnam ndi ku China komweko, n'kuzitaya atangovala pang'ono, choncho zina mwa zimene timalandira kuchokera ku UK ndi zosalimba chimodzimodzi, kungoti zinazungulira njira yaitali.

Chimene chimandipweteka mtima pa mabelo onse awiri n'chakuti timagula chinthu chomangidwa ndi zingwe, osaona mkati, ndipo mukachimasula simungachibweze. Kampani yosankha zovala kunjako yalandira kale ndalama zake, eni sitima zofika ku Beira kapena Dar es Salaam alipidwa, boma latenga msonkho pa chipata, wopikulitsa waikapo phindu lake, ndipo amene amatsala ndi chiopsezo chonse ndi mayi wa pa msika wa Tsoka ku Lilongwe amene anabwereka mpamba ku banki mkhonde. Mtengo wa belo umatsatira dola, pamene kasitomala wake amalandira makwacha. Pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mabelo anakwera nthawi yomweyo, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kutapitirira, mitengo inayamba kusintha pafupipafupi kwambiri moti ndalama zogulitsa belo limodzi sizinkakwananso kuodera lina. N'chifukwa chake mu February 2025 ogulitsa kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe.

Ena amati mankhwala ake n'kuletsa kaunjika kuti atelala ndi mafakitale athu adzuke. Ndimawamvetsa, pakuti fakitale ya David Whitehead and Sons, imene inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, inali kuveka dziko lino ndi thonje la ku Chikwawa ndi Balaka. Koma dziko la Rwanda litakweza msonkho wa kaunjika mu 2016, America inalichotsera mu 2018 mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lokhudza malonda ndi maiko a mu Africa, zimene zikusonyeza kuti pa malonda amenewa pali eni ake amphamvu amene sitiwaona pa msika.

Kwa amene mpamba wake ndi wochepa, ndingalangize kuti asonkherane ndi mnzake wodalirika n'kugula belo la ku UK la giredi yoyamba, agawane, m'malo moti aliyense atenge lake la ku China. La ku China ndi loyenera kwa amene ali pa malo odutsa achinyamata ambiri ndipo angathe kumaliza katundu msanga masitayelo asanasinthe. Musanalipire, onetsetsani chizindikiro cha kampani imene inamanga belolo komanso ngati zingwe zake ndi zoyambirira, chifukwa pali ena amene amamasula mabelo, kuchotsamo zabwino, n'kuwamanganso. Majuzi ndi majekete odani mu March kapena April, kuzizira kwa June kusanakweze mitengo.