Akabaza a pa Sharpevale ndi anthu abale

Mtsinje wa Bwanje ku Ntcheu utasefukira ife tinali pa sukulu ina kuphikira anthu omwe nyumba zawo zinagwa, ufa unathera pa msewu wa M5 poti galimoto sikanalowa matope aja. Anyamata a njinga zamoto ndi amene anatipulumutsa, thumba la 50kg kumbuyo, ndowa ndi WaterGuard kutsogolo, pena kutsika nkumakankha matope ali m'mawondo koma osadandaula. Mmodzi anatenga agogo ena kupita nawo kuchipatala atawamanga ndi chitenje kumsana kwake, ndalama anakana amvekere mayi ingondithirani petulo basi. Chondidandaulitsa nchoti ambiri alibe helemeti, ndinkachita mantha heavy. Koma mukafika pa Sharpevale akwereni anyamatawa, musamawanenerere mtengo mpaka kuwafinya chonde.