Ndege ikagwa chamutu, ndi mota iti imene imakonzeka?

Aliyense amene amaulutsa tindege toyendera rimoti amadziwa kuti tsiku lina ndege idzagwa basi, ndipo choyamba kugunda pansi ndi pulopela, kenako mota. Nchifukwa chake ine posankha mota sindiyang'ana mphamvu zokha. Ndimafunsanso kuti ikavulala, kodi ndingathe kuitsegula patebulo ndi kuikonza ndekha? Pa funso limeneli mitundu itatu ya mota, ya mabulashi, inrunner ndi outrunner, imasiyana kutali.

Ya mabulashi ndi ija yakale ya mawaya awiri, monga za gulu la Speed 400 zimene zinkaulutsa tindege tambiri mabatire opepuka a lithiamu otchedwa LiPo asanafale. Mkati mwake muli timabulashi tiwiri ta kaboni timene timakhuza pa commutator, kamkombero ka kopa ka pa shafti kamene kamalandira magetsi, ndipo kukhuzanako ndiko kumaidya pang'onopang'ono. Kuisamala nkosavuta. Ikakhala yatsopano mumaiyendetsa kaye ndi magetsi ochepa popanda pulopela kuti mabulashi akhale bwino pamalo pake. Mumachotsa fumbi lakuda la kaboni, kudontheza kadontho ka oyilo pamene shafti imazungulira, ndi kuona kuti ma capacitor oletsa kusokoneza wailesi sanaduke. Koma zambiri mwa izi anazitseka pochita kupinda chitsulo, osati ndi timabawuti, choncho mabulashi akatha ndiye kuti motayo yatha. Mumangosintha. Masiku ano ine ndimaisiyira tindege ting'onoting'ono touluka m'nyumba.

Inrunner ilibe mabulashi. Maginito ali pa shafti mkati, waya wokulungidwa uja wagunda khoma la chigoba, ndiye kutentha kumatuluka msanga. Imazungulira mwaliwiro kwambiri, nchifukwa chake mumaipeza pa ndege za EDF, zokhala ndi fani yozungulira mkati mwa paipi, kapena kumbuyo kwa giyabokosi. Popeza ndi yotseka, mchenga sulowa wambawamba, ndipo pamenepa ndimaiyamikira. Mabering'i ake amasinthika ngati zivindikiro zake zimamasuka. Koma waya akapsa, iwalani. M'zambiri wayayo anamumata ndi utomoni nkukhala chinthu chimodzi cholimba, ndipo kumukulunganso ndi manja si ntchito ya patebulo lathu.

Outrunner, imenenso ilibe mabulashi, ndiyo ndimakonda, ndipo ndinena zambiri za iyo chifukwa pafupifupi chilichonse mwa iyo chimakonzeka. Apa chozungulira ndi chigoba chakunja chimene chanyamula maginito, pamene stator, chitsulo cha mano chokulungidwa waya, yangokhala chete pakati. Titenge ya 2212 imene ambiri tinayambira. Manambalawo akunena za stator: mamilimita 22 m'mimba mwake, 12 kutalika. Ili ndi mano 12 ndi maginito 14. Ngati yalembedwa 1000 KV, kutanthauza maulendo 1000 pa mphindi pa voti iliyonse, ndipo mwaipatsa batire la maselo atatu (3S) la mavoti 11.1, izungulira pafupifupi maulendo 11,000 pa mphindi popanda pulopela, ndipo ili ndi mphamvu zokwanira kupota pulopela mwachindunji popanda magiya.

Kuitsegula ndi kungochotsa kakilipi kooneka ngati C kumapeto kwa shafti nkukoka chigoba. Kakilipi kameneka kamadumpha nkusowa, ndiye muzikachotsera mkati mwa kajumbo koonekera. Pobwezera chigoba gwirani zolimba, maginito amachikoka mwamphamvu moti chikhoza kukupanani chala kapena kugumula m'mbali mwa maginito.

Kuipa kwake nkwakuti ndi yotseguka. Ikangogwera m'dothi, maginito amatola tizitsulo tonse ta mumchenga, ndipo mpata wa pakati pa maginito ndi stator ndi wochepa kwambiri. Musaizungulitse ndi magetsi musanaitsegule, chifukwa mchengawo upala vanishi wotchinga waya. Kupemerera sikuchotsa tizitsuloto. Tengani tepi yomata, muzigunditsa pa maginito mpaka ituluke yoyera.

Shafti muyeseni poigubuduza pagalasi. Ikamadumphadumpha ndiye kuti yapindika. Pano pali njira ziwiri zimene anthu amatsutsana: ena amaiwongola ndi nyundo, ena amagula ina. Ine sindiwongola. Shafti yowongola siibwerera ndendende, ndipo kunjenjemera kotsalako kumapha mabering'i ndi kumasula timabawuti ta ndege yonse. Kusintha ndi kungomasula kabawuti kakang'ono ka pachigoba, kukankha yakale nkulowetsa yofanana nayo, imene pa ma 2212 ambiri ndi ya mamilimita 3.17. Pa mabering'i mkangano ndi womwewo, kuthira oyilo kapena kusintha. Kadontho ka oyilo wopepuka kamathandiza bering'i imene ikadali bwino. Koma mukaizungulitsa ndi zala nkumva kukhakhala ngati muli mchenga, timipira ta mkati tavulala kale, oyilo angobisa phokoso kwa maulendo ochepa. Sinthani onse awiri, ndipo polowetsa yatsopano kankhani mkombero wakunja wokha. Ginito limodzi likamatuka limabwerera ndi guluu wa epoxy kapena CA (supaguluu), bola mupale guluu wakale ndi kuonetsetsa kuti maginito oyandikana akusinthana nkhope, kumpoto, kummwera, kumpoto.

Chimene chimapha mamota ambiri si kugwa koma kutentha, ndipo pamenepa inrunner ndi outrunner ndi amodzi. Maginito wamba a neodymium amayamba kutaya mphamvu mpaka kalekale akapitirira madigiri pafupifupi 80 a Celsius. Mota yotere imaonekabe bwinobwino, koma imakoka magetsi ambiri, kukoka ndege mofooka, nkumatenthabe moonjezera. Gwero lake kawirikawiri ndi pulopela yokula kuposa mphamvu ya mota, kapena kuonjeza maselo a batire osachepetsa pulopela. Mukatera, gwirani mota. Ngati chala sichingapirire masekondi ochepa, chepetsani pulopela ndipo yezani ndi wattmeter, kamita koonetsa magetsi amene mota ikukoka. Ine ndinaotchapo ina mwanjira yosiyana: ndinamanga ndi timabawuti totalika, tinakagunda waya mkati nkupala vanishi. Kuyambira pamenepo ndimasuzumira mkati ndisanamange komaliza.

Mota imene mukuikayikira musailumikize ku ESC yabwino, kachipangizo koyendetsa liwiro la mota, chifukwa waya wogundana mkati amaotcha ESC nthawi yomweyo. Yambani mwainunkhiza ndi kuona ngati waya wada. Kenako yezani ndi mita mawaya atatu otuluka mu mota yopanda mabulashi, awiriawiri: zotsatira zitatu zifanane, ndipo pakati pa waya aliyense ndi chitsulo cha stator pasadutse magetsi. Ikamangonjenjemera osazungulira, musafulumire kuiweruza, nthawi zambiri ndi waya mmodzi amene waduka kapena pulagi yosaotcherera bwino. Kumbukiraninso kuti pa mamota ambiri mawaya otulukawo ndi omwe aja okulungidwa mkati. Mukawadula, kachingwe kalikonse kali ndi vanishi amene ayenera kupalidwa kuti mtovu ugwire.

Tsono waya akapsadi, kukulunganso kapena kugula ina? Pa kamota kakang'ono ka 2212 kugula ina nkwachangu, ndipo sindingatsutse amene wasankha zimenezo. Koma mota ikakhala yaikulu, kapena ya mtundu umene sukupezekanso, kukulunga kumapindula, ndipo ntchito yake imakoma. Pomasula waya wakale werengani kuti dzino lililonse linazungulizidwa kangati, ndipo onani ngati nsonga zake zinalumikizidwa mwa delta (mozungulira ngati makona atatu) kapena mwa star (nsonga zitatu kukumana pamodzi). Kusiyana kwake nkwakukulu: waya yemweyo akalumikizidwa mwa delta, KV imakwera pafupifupi maulendo 1.73 kuposa ya star. Mizunguliro yochepa imakweza KV, yambiri imaitsitsa, choncho mukhoza kuisintha motayo kuti igwirizane ndi pulopela imene mukufuna. Pa mano 12 ndi maginito 14 dongosolo lodziwika ndi dLRK, lolembedwa AabBCcaABbcC, pamene A, B ndi C ndi mawaya atatu, chilembo chilichonse ndi dzino limodzi, ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono zikusonyeza mbali zosiyana zokulungira. Mukalakwitsa dzino limodzi mota siyenda bwino, ndiye muzichonga papepala dzino lililonse likatha. Musanayambe, onani utoto wotchinga pa mano a stator. Pamene wagumuka pakani epoxy pang'ono, apo ayi ngodya yakuthwa idula vanishi wa waya watsopano.

Pali malire amene ine ndimaimira. Ngati moto umene unaotcha waya unafooketsanso maginito, kapena chigoba chapindika moti chikukhuza stator, waya watsopano sabwezeretsa kanthu. Motayo ndimaiphwasula nkusunga shafti, kilipi ndi mabering'i ngati ali bwino.

Mukamaliza kukonza kulikonse, yesani popanda pulopela, mukuonjezera magetsi pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Ikazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri alionse mwa atatuwo. Ikamveka yosalala ndipo siikufunda, ndiye mumange pulopela imene mwaiyesa kale kuti mbali zake ziwiri zikulemera chimodzimodzi.