Hospital of St Cross ku Winchester: nyumba za okalamba zimene zikulandirabe apaulendo

Amene akukhala ku Britain kapena akukachezako, ndipo ali ndi tsiku limodzi loti aone malo akale, ndingawalangize kuti akafike ku Hospital of St Cross, chakummwera kwa mzinda wa Winchester ku England. Malowa si chipatala ayi, koma ndi nyumba zosungiramo amuna okalamba, ndipo akhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1130, pamene Henry of Blois, bishopu wa Winchester yemwenso anali mdzukulu wa mfumu ya England William the Conqueror, anawakhazikitsa. Cholinga chake chinali kusunga amuna 13 amene mphamvu zinawathera moti sakanathanso kudzipezera chakudya, komanso kudyetsa osauka ena 100 tsiku lililonse. Alendo amaloledwa kulowa akagula tikiti, ndipo ine ndikuona kuti ndalamayo silowa m'madzi.

Kuchokera pa siteshoni ya Waterloo ku London, sitima imatenga pafupifupi ola limodzi kukafika ku Winchester. Kuchoka pakati pa mzindawo ndi bwino kuyenda wapansi, kutsata kanjira kodutsa m'dambo la mtsinje wa Itchen, chifukwa mukadzera kumeneko nsanja yaifupi ya tchalitchi imayamba kuonekera pakati pa mitengo monga ankaionera apaulendo akale.

Mukangolowa pachipata mumafika pa bwalo laling'ono, pamene pali Hundred Men's Hall. Dzinali likukumbutsa za osauka 100 aja, ndipo masiku ano m'nyengo yotentha mumagulitsidwa tiyi ndi makeke. Mukadutsa pansi pa nsanja yotchedwa Beaufort Tower, m'pamene bwalo lalikulu la kapinga limakutsegukirani, ndipo pano m'pofunika kuimapo kaye osathamangira kujambula. Kumadzulo kwa bwaloli kuli mndandanda wa nyumba zamiyala za okalambawo, zimene anamangitsa Kadinala Henry Beaufort cha m'ma 1445 pamene anawonjezera gulu lachiwiri lotchedwa Almshouse of Noble Poverty, la anthu amene kale anali opeza bwino koma zinthu zinawatembenukira. Chimene chimakopa maso ndi machumuni ataliatali amene aima mondondozana kutsogolo kwa nyumbazo, kuchokera pansi mpaka kupitirira denga. Machumuniwa sanawaike pongokongoletsa. Akusonyeza kuti omanga anafuna kuti nkhalamba iliyonse ikhale ndi zipinda zake ndi moto wake, iziotha payokha ikafuna, m'malo mounjika anthu onse m'chipinda chimodzi chachikulu. Kwa ine, apa m'pamene pagona ubwino wa malowa: mamangidwe ake akuvomereza kuti munthu wolandira chithandizo amafunabe ulemu wokhala pakhomo pakepake, ndipo nthawi yomweyo bwalo, holo ndi tchalitchi zikumuteteza kuti asafe ndi kusungulumwa. Kwathu udindo wosunga nkhalamba umakhala wa ana ndi adzukulu, choncho ndi chinthu chopatsa maganizo kuona mmene anthu ena anasungira agogo amene analibe wowayang'anira.

Holo yotchedwa Brethren's Hall, imene okalambawo ankadyeramo limodzi, ndi yotsegula kwa alendo. Denga lake ndi lamatabwa, malo osonkhapo moto ali pakatikati pa chipinda, ndipo pamwamba pali kakhonde pamene pankakhala oimba. Mulinso ndowa zachikopa zimene ankasungiramo madzi ozimitsira moto, ndipo khitchini yakale ili pafupi pomwepo. Tchalitchi ndiye n'chachikulu modabwitsa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu amene anawamangira. Makoma ake ndi ochindikala kwambiri, nsanamira zake n'zonenepa, ndipo m'mphepete mwa mawindo ena anasema mizere yokhotakhota ngati mano a sowo. Popeza ntchito yomanga inatenga zaka zoposa 100, mukamayenda kuchokera kuguwa kulowera kumadzulo mumaona mamangidwe akusintha, kuchoka pa makomo ndi mawindo ozungulira pamwamba a nthawi ya Anormani (mtundu wa William the Conqueror uja) kufika pa osongoka a m'zaka zotsatira.

Mbiri ya malowa ili ndi zipsera zake, ndipo sikungakhale chilungamo kuzibisa. Chuma chimene chinasiyidwira osauka chinakopa akuluakulu ena oyang'anira. Wodziwika kwambiri ndi Francis North, Earl of Guilford, amene anapatsidwa udindo wa Master, kutanthauza mkulu woyang'anira malowa, mu 1808 ndi bambo ake omwe anali bishopu wa Winchester, ndipo kwa zaka zambiri ankatenga ndalama zochuluka za malowa ngati zake. Nkhaniyo inafika kukhoti, iye anatula pansi udindo mu 1855, ndipo kayendetsedwe ka chumacho kanaikidwa m'manja mwa matrasti, gulu la anthu osankhidwa kuti aziyang'anira chumacho.

Lero pali malo a amuna okwana 25, amene amatchedwa abale ngakhale kuti si amonke. A gulu la Henry of Blois amavala mikanjo yakuda yokhala ndi mtanda wasiliva pachifuwa, pamene a gulu la Beaufort amavala yofiirira, ndipo m'mawa amasonkhana m'tchalitchi kupemphera. Mlendo ayenera kudziwiratu kuti nyumba zawo salowamo, chifukwa ndi makomo a anthu amoyo. Amene akuyembekeza kuona mkati mwa zipindazo angakhumudwe, koma ine ndikugwirizana ndi lamuloli kotheratu. Dziwaninso kuti m'nyengo yozizira maola otsegulira amachepa ndipo malo omwera tiyi satsegula chaka chonse, motero ndi nzeru kufufuza pa intaneti musananyamuke. Munda wa maluwa wotchedwa Master's Garden, umene uli ndi dziwe pakati, umakongola kwambiri m'miyezi yotentha.

Musanatuluke, pitani m'chipinda cha wapachipata pansi pa nsanja ija, momwenso amagulitsamo timabuku ndi mapositikhadi, ndipo mukapemphe Wayfarer's Dole. Uwu ndi mwambo wakale wopatsa wapaulendo aliyense kachidutswa ka buledi ndi kakapu ka mowa, popanda kumufunsa kumene akuchokera kapena chipembedzo chake. Kabulediko n'kakang'ono kongokwana pakati pa zala ziwiri, mowawo ndi wongonyowetsa kukhosi, choncho musadalire kuti mukhuta. Sapereka kwa munthu amene wangoima chete, muyenera kupempha ndi pakamwa panu, ndipo amene samwa mowa akhoza kulandira buledi yekhayo.