Sentinel-2, Landsat kapena zithunzi zogula: zounikira madzi a m'nyanja

Anzanga akhala akundifunsa kuti pofuna kuunika madzi a m'nyanja ndi zithunzi za setilaiti atenge ziti. Ndiyambira pamene pandipweteka.

Dzinja lina ndinagula zithunzi ku kampani ina, pofuna kuona matope amene mtsinje wa Likangala umathira m'nyanja ya Chilwa. Ine ndinkangofuna kadera ka pamathiriro, koma anati sagulitsa malo ang'onoang'ono chotero, ndiye ndinalipirira dera lalikulu lomwe ndinalibe nalo ntchito. Zithunzi zitafika, mtambo unali utakhala ndendende pamathiriropo. Nditadandaula, anandiyankha kuti mitambo ya pachithunzi chonse sinapyole mlingo umene tinagwirizana. Minda ya mpunga ndi madenga a malata zinkaoneka bwinobwino, koma madzi amene ndinawalipirira ayi. Ngakhale pamene panalibe mtambo, zithunzizo zinali ndi mitundu inayi yokha ya kuwala, yosakwanira kusiyanitsa bwino ndere ndi matope. Ndalama ija mpaka lero imandiwawa.

Sentinel-2 ndi setilaiti ya ku Ulaya; ndi waulere, ndipo ndi amene ndimamudalira. Kadontho kalikonse ka pachithunzi chake kamaimira mpaka mamita 10 a pansi, amadutsa masiku asanu aliwonse, choncho mtambo ukakutchingirani lero mumangodikira ulendo wotsatira. Amajambulanso kuwala kwa pa 705 nm (kwa kumapeto kwa mtundu wofiira), kumene ndere imaonekera bwino. Mtengo wake wobisika ndi bandulo: chithunzi chimodzi chimadya pafupifupi gigabyte yathunthu. Ndinasiya kudawuniloda; ntchito ndimagwirira mu Google Earth Engine, pulogalamu ya pa intaneti younikira zithunzi za setilaiti, n'kungotenga zotsatira.

Landsat, wa ku America, naye ndi waulere kuyambira 2008. Mamita ake ndi 30, ndipo setilaiti iliyonse imabwereranso pakatha masiku 16, koma amayeza kutentha kwa madzi, chimene Sentinel-2 sangathe. Alinso ndi nkhokwe yakale: mukafuna kuona mmene Chilwa anaphwera mu 1995, pitani kwa iyeyu.

Palinso setilaiti ina, Sentinel-3, koma imangothandiza pa madzi aakulu ngati Nyanja ya Malawi basi. Pa mamita 300, Shire samuona n'komwe.

Onsewa amasokonezeka pa madzi osaya, pomwe mabango ndi thope la pansi zimalowa m'chithunzi. N'chifukwa chake tsiku limene Sentinel-2 akudutsa ndimakhala m'bwato ndi mabotolo otungira madzi komanso kambale koyera komangidwa pachingwe, n'kumakamiza pang'onopang'ono mpaka katasiya kuoneka, kuti ndiyeze kuyera kwa madzi n'kuyerekeza ndi chithunzi. Ndalama imene mukanagulira zithunzi, lipirani mwini bwato.