Protemp 4: ndi yabwino pa dzino limodzi, koma pa bridge yaitali musaidalire

Protemp 4 ndi phala la bis-acryl (mtundu wa pulasitiki ya mano) lomwe kampani ya 3M idapanga, lopangira crown (chipewa chovindikira dzino) kapena bridge (mano oikirira ogwirira pa mano oyandikana nawo) yongoyembekezera. Limabwera mu katiriji ya 50 ml ndipo limasakanizika lokha pa mlingo wa 10:1. Funso lomwe madokotala a mano amakhala nalo ndi lakuti, kodi lingapirire miyezi ingapo pamene nkhama zikuchira kapena implant (muzu wa dzino wochita kuikirira) ikugwira m'fupa? Pa dzino limodzi kapena awiri, inde.

Chomwe chimasangalatsa ndi momwe m'mphepete mwa crown mumakwanira bwino pa dzino. Phalali silifota kwambiri ngati acrylic wosakaniza ufa ndi madzi, silitentha kwambiri polimba, ndiye mtsempha wa dzino suvutika. Koma nthawi yake ndi yochepa. Muli ndi masekondi 40 othira phalali mu chikombole chodindidwa pa mano a wodwala ndi kuchibwezera m'kamwa. Chotsani pakati pa mphindi 1:40 ndi 2:50 kuchokera pamene mudayamba kusakaniza, likadali lofewa pang'ono. Mukachedwa, limalimbira m'mipata ya mano oyandikana ndipo mudzachita kulidula. Pa mphindi 5 lalimba. Pukutani kunanda kwa pamwamba ndi spirit musanayambe kusalaza. Chikombole chikhale cha silicone, chomwe chimasungika, osati cha alginate, chifukwa crown ikasweka pakatha miyezi iwiri mudzachifunanso. Ngati dzinolo lidamangidwa ndi composite (phala loyera lomatira mano), pakani Vaseline pang'ono, apo ayi ziwirizi zimamatirirana.

Vuto lake ndi kuphweka kusweka. Likapyapyala kuposa 1.5 mm potafunira, makamaka kwa munthu wokukuta mano usiku, limang'aluka. Pa bridge ya mano anayi kapena kuposa, limathyokera pa mfundo zolumikizira, ndipo chigamba cha flowable composite (composite yamadzimadzi) pa phala lakale sichigwira bwino pokhapokha mwakalasa kaye ndi kupaka bonding (mankhwala omatira). Pamenepo ndi bwino kuika ulusi wolimbitsira wa Ribbond mkati mwa bridge, kapena kungopita ku PMMA (mtundu wa acrylic) yosemedwa ndi makina monga Telio CAD ya Ivoclar, yomwe idapangidwira kukhala mpaka miyezi 12.

Pomata, pewani simenti ya eugenol (mafuta ochokera ku clove) ngati crown yeniyeni idzamatidwa ndi resin, poti eugenol imalepheretsa resin kulimba. TempBond NE, simenti yopanda eugenol, ndiyo yoyenera. Simenti yongoyembekezera imasungunuka ndi malovu, choncho wodwala azibwera pakapita milungu ingapo kuti muone ngati m'mphepete simunayambe kudontha, dzino lisanaolere mkati.