Sukulu ya jujitsu ya pa Nchalo: zimene imaphunzitsa bwino ndi zimene imakokomeza

Pa Nchalo pali holo ina ya malata imene madzulo amaphunzitsiramo jujitsu, ndipo aphunzitsi ake anagawa sabata pawiri: masiku ena amaphunzitsa jujitsu ya ku Japan, masiku ena ya ku Brazil, zonsezo pa malipiro amodzi a pamwezi. Dongosololi limathandiza munthu wofuna kudziwa kusiyana kwa mitundu iwiriyi, chifukwa amailawa yonse ndi thupi lake sabata isanathe.

Ya ku Japan ndiyo kholo. Inachokera kwa asilikali akale otchedwa samurai, amene ankafuna njira yogonjetsera mdani lupanga likawapulumuka, n'chifukwa chake muli kugwetsa, kupotokola dzanja, kumenya ndi chigongono, ngakhalenso kutosa m'maso. Aphunzitsi amazionetsa mwaluso ndithu, koma zambiri mwa njirazi simungaziyese ndi mphamvu zonse pa mnzanu, choncho iye amangokugwirani pakolala n'kuima chilili kudikira kuti mumupotokole. Wachifwamba sadikira motero. Jigoro Kano anaona vuto lomweli pamene ankayambitsa judo ku Tokyo mu 1882, ndipo anapatula njira zoopsa kwambiri kuti ophunzira azilimbana zenizeni popanda kupundulana.

Ya ku Brazil inaphukira mu judo yomweyo, katswiri wa judo wa ku Japan Mitsuyo Maeda atafika m'dzikolo mu 1914 ndi kuphunzitsa Carlos Gracie, amene pamodzi ndi mng'ono wake Hélio anaika mtima pa kulimbanira pansi. Apa m'pamene ndalama ya wophunzira imagwira ntchito, pakuti phunziro lililonse limatha ndi kulimbana kwenikweni, wina akufunitsitsa kukanyanga khosi la mnzake kapena kumuwongola chigongono mopyola malire, mpaka wogonjayo ataomba dzanja pamatiresi kuti amusiye. Ndinaona bambo wina wodula nzimbe, wa mapewa otambalala, atapanikizidwa ndi mnyamata wowonda wa ku sekondale amene anamukwera kumsana, miyendo itakola m'ntchafu, mkono utazungulira khosi. Bamboyo anaphiriphitha, mitsempha ya pamphumi itatupa, kenako anaomba pansi, n'kudzuka akuseka ndi kupukusa mutu.

Pamene sindigwirizana ndi aphunzitsi ndi pa chizolowezi chawo chouza ophunzira atsopano kuti wa jujitsu amagonjetsa wankhonya ndi wa karate nthawi zonse. Umboni wawo ndi mpikisano woyamba wa UFC (womenyanitsa akatswiri a kamenyedwe kosiyanasiyana) umene unachitikira ku Denver, ku America, mu 1993, pamene Royce Gracie, mwana wa Hélio, anagonjetsa anthu atatu usiku umodzi, kuphatikizapo wankhonya Art Jimmerson amene analowa m'bwalo atavala golovesi imodzi yokha. Zimenezo n'zoona, koma ambiri mwa anthu a usikuwo sankadziwa chochita akagwa pansi. Nkhaniyo siithera pamenepo: mu 2000 Kazushi Sakuraba wa ku Japan analimbana ndi Royce yemweyo kwa mphindi 90 mpaka a kumbali ya Royce anaponya thaulo posonyeza kugonja, ndipo kale mu 1951 katswiri wa judo Masahiko Kimura anali atathyola mkono wa Hélio ku Rio de Janeiro. Masiku ano wankhonya amene waphunzira kukana kugwetsedwa amavutitsa kwambiri munthu wodziwa zapansi zokha. Kuwonjezera apo, kugudubuzika ndi munthu pamiyala ya m'mbali mwa msewu wa M1, anzake ali chiimire ndi nsapato kumapazi, ndi chinthu chimene mphunzitsi aliyense ayenera kuchenjeza nacho ophunzira ake.

Holo yeniyeniyo ili ndi zofooka. Matiresi ndi opyapyala ndipo anayalidwa pasimenti, moti munthu akagwetsedwa paphewa amamva kuwawa mpaka m'mawa. M'mwezi wa Okutobala, pamene kuno kuchigwa kutentha kumapyola madigiri 40, malata amakhala akutulutsabe moto dzuwa litalowa, ndipo chovala chokhuthala chija chotchedwa gi chimalemera ndi thukuta phunziro lisanafike pakati. Aphunzitsi achita bwino kulola ophunzira kulimbana atavala kabudula ndi sikipa m'miyezi yotentha, koma matiresiwo sapukutidwa tsiku lililonse, ndipo zipere zimafala msanga pamene khungu likukhudzana chonchi. Wofuna kulembetsa apite masiku a jujitsu ya ku Brazil, anyamule madzi akumwa okwanira, ndipo afunse kaye ngati matiresi apukutidwa ndi mankhwala asanavule nsapato.